Ng'ombe Imene Ndinakana Kuiweruza pa Foni

Tisa ndi Yamikani, ana anga, ndapuma pa ntchito tsopano, ndipo manja amene anazolowera kugwira nyanga za ng'ombe akusowa chochita. Ndiye ndati ndilembe. Za ubwana wanga mudzazimva kwa azakhali anu, amene amazikometsera kuposa ine. Ine ndilemba za ntchito, chifukwa ndiyo inkandichotsa pakhomo inu musanasambe n'kumaso komwe, ndipo muyenera kudziwa kumene ndinkapita ndi zimene ndinkachita kumeneko.

Chaka choyamba, ku Mpanshya

Ndinatsika basi pa mseu waukulu wa ku Chipata ndili ndi sutikesi imodzi, ndowa, ndi satifiketi ya ku koleji ya za ziweto yokulungidwa m'chitenje. Pa pepala ntchito yanga inali ya wothandizira dokotala wa ziweto, koma kumudzi palibe anali ndi nthawi yotchula zonsezo. Ankangoti ba veti. Amene ndinawapeza pa kampu ya za ziweto ya Mpanshya anali Ba Sakala, bambo wamfupi wa imvi, amene chala chawo chimodzi chinapindika chifukwa ng'ombe inawapanikiza pa mtengo wa khola ali mnyamata. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku duku.

"Ndiwe Agnesi? Kalata inati kubwera Njovu. Ine nayembekeza mwamuna."

"Njovu ziliko na zazikazi, Ba Sakala," ndinayankha.

Anaseka mpaka kutsokomola, nandipatsa makiyi a kachipinda kosungiramo mankhwala. M'kachipindamo munali firiji ya parafini yozima kawirikawiri kuposa kuyaka, majakisoni agalasi amene tinkawiritsa m'poto, ndi mabotolo ochepa. Dipi yosambitsiramo ng'ombe inalipo, koma mankhwala ophera nkhupakupa ankabwera chaka china, chaka china osabwera. Njinga yakapalasa inali imodzi, ya tonse awiri. Katemera tinkamunyamula m'fulasiki ya tiyi, ndipo dzuwa likakwera tinkaima pansi pa mtengo kuti tinyowetse nsanza yokulungira fulasikiyo, ife eni ake tili ndi ludzu.

Chimene ndinaphunzira kwa Ba Sakala sichinali m'mabuku a ku koleji. Mlimi akabwera kudzanena kuti ng'ombe yake yadwala chakuti, iwo ankamvetsera mwaulemu, kenaka n'kunyamula chikwama. Sankapereka ngakhale mbulu umodzi wa mankhwala asanafike pa khola. Akafika ankayamba aima chapatali kuona mmene ng'ombe ikupumira. Kenaka ankaitsegula chikope kuona ngati magazi alimo, kuisisita pansi pa khutu ndi patsogolo pa phewa kufuna zotupa, kuiyeza kutentha, n'kutokosa ndowe ndi kamtengo. Tsiku lina ndinadandaula kuti tapalasa mtunda wonsewo chifukwa cha matenda amene mwini ng'ombe anawatchula kale molondola. Iwo anati, "Lero walasa. Koma mwini ng'ombe akuuza zimene aopa. Ng'ombe ndiye ikuuza zimene imva."

Ku Mpanshya komweko ndinakumana ndi atate anu, Filipo, akuphunzitsa pa sukulu ya pafupi ndi mishoni. Kwawo kunali ku Shikabeta. Za ukwati wathu mukudziwa, za matenda awo mukudziwanso, ngakhale iwe Yamikani unali mu giredi 3 pamene tinawaika. Chimene mwina simukumbukira ndi zimene zinachitika tsiku lotsatira maliro. Achibale ena anayamba kuyang'ana mipando, mabedi ndi mashini anga osokera ndi maso aja amene mkazi wamasiye aliyense amawadziwa. Mkulu wa atate anu, Ba Yotamu, anaimirira pakhomo nati, "Pano palibe atenga ngakhale supuni. Ana a Filipo adyera chiyani?" Mawu amenewo ndiwo anatisiyira nyumba ili yathunthu. Muwasunge pamene mukuwerenga zotsatirazi.

Zaka zimene mafoni anafika

Ba Sakala atapuma ndinatsala ndekha pa kampu, ndipo m'zaka zimenezo mafoni a m'manja anayamba kufalikira. Poyamba anali a aphunzitsi ndi anamwino, kenaka mlimi aliyense wogulitsa chimanga anali ndi yake. Kunena zoona, ndinasangalala. Munthu amene kale akanayenda theka la tsiku kudzandiitana tsopano ankangokwera pa chulu kuti apeze netiweki, n'kunditumira foni. Mashopu a mbewu ndi mankhwala a ziweto anatsegukanso m'mbali mwa mseu. Zinthu ziwirizi zitakumana, ndinayamba kuchiza ng'ombe ndili pa khonde. "Gulani chakuti, sungunulani motere, bayani pa khosi." Anthu ankanditama kuti ba veti a ku Mpanshya savutitsa. Ndinanenepa nako kutamidwako.

Mwezi wina wa Novembala, mvula yoyamba itagwa, ananditumira foni Ba Mwale, akatekisiti a tchalitchi china chaching'ono cha kumidzi. Anali ndi ng'ombe ziwiri zokha zolimira. Anati ina yafooka, siikudya, ubweya waima. Kudera kwawo kunali ntchentche za kashembe, zija zimaluma ng'ombe n'kuiwondetsa pang'onopang'ono, ndipo sabata imeneyo ndinali nditaona ng'ombe zingapo za matenda amenewo. Sindinafunsenso zambiri. Ndinawauza mankhwala a kashembe oti akagule ndi muyezo wake. Patapita masiku anayi ndinadutsa kumeneko pa ntchito ina, ndipo ndinati ndipatuke ndikalandire zikomo. Ndinapeza ng'ombeyo ili gone, thovu likutuluka m'mphuno. Nditaigwira pansi pa khutu ndinapeza chotupa chonga dzira la nkhuku, m'makutu nkhupakupa zili thoo. Anali matenda a nkhupakupa, amene dzanja langa likanawadziwa tsiku loyamba lomwelo. Mankhwala ake ndinali nawo m'kachipinda. Inafa ndili pomwepo.

Ndikanakonda Ba Mwale akanandikalipira. Koma anangovula chipewa nati, "Musadandaule, ba veti, munayesa. Ni Mulungu apatsa, ni Mulungu atenga." Chaka chimenecho ndinkawaona iwo ndi akazi awo akulima ndi makasu munda umene unali wa pulawo. Sanali Mulungu anatenga ng'ombe ija. Ndinali ine, ndili pa khonde.

Nthawi imeneyi dera lathu la Rufunsa linali litakhala boma palokha, ndipo tinali ndi dokotala wathu wa ziweto, Dokotala Mumba, mayi wamng'ono kwa ine, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga. Palibe akanawauza za ng'ombe ya Ba Mwale. Ndinakwera minibasi ndekha kupita ku ofesi kukawafotokozera. Anamvetsera osandidula mawu, kenaka anatulutsa m'kabati mabuku a malamulo a ntchito yathu nawaika pa tebulo.

"Ba Njovu, m'mabuku umu simupezamo mawu akuti foni. Anthu amaganiza kuti popeza foni sitchulidwa, ndiye zonse ziloledwa. Koma lamulo lifuna kuti wolemba mankhwala amphamvu akhale woti chiweto achidziwa, wachiyeza. Lifunanso kuti inu mugwire ntchito pansi pa ine. Pamene munauza akatekisiti aja kuti abaye, munabaya ndi dzanja langa."

"Manje tichite bwanji, ba dokota? Tizime mafoni? Mvula ikagwa kuli midzi imene ngakhale inu simungafike."

"Sitizima. Tiyeni tigwirizane pamene foni ithera."

Tinakhala mpaka masana tikukambirana, ndipo zimene tinagwirizana anazilembera makampu onse. Pa foni ndikanatha kumuuza munthu chithandizo choyamba: kupatula chiweto chodwala, kuchiika pa mthunzi, kutsuka bala, kuthandiza mbuzi yovutika pobereka. Ndikanatha kutsatira chiweto chimene ndachiona kale ndi maso, m'khola limene ndikulidziwa, ndipo pa mankhwala amphamvu ndinkayenera kuyamba ndawatumizira dokotala zithunzi ndi zimene ndapeza. Koma kutchula matenda a chiweto chimene sindinachigwire, kulemba pemiti yonyamulira ziweto, kapena kuvomereza kuti nyama ndi yoyenera kudyedwa, zimenezo zinafuna mapazi anga pa khola. Ndipo panali matenda ena oopsa amene lamulo likuti ukangowaganizira, ngakhale usanatsimikize, uyenera kunena ku ofesi tsiku lomwelo. Sanandilange. Potuluka anangoti, "Mukawapepese akatekisiti ndi mawu enieni." Ndinapita, ndinawauza kuti ndinalakwitsa ndine. Anandithokoza chifukwa chowauza.

Chilimwe choyamba ku Shikabeta

Patapita zaka ziwiri anandisamutsira ku Shikabeta, kwawo kwa atate anu. Inu nonse munali mutachoka pakhomo, Tisa ku Lusaka, Yamikani ku sukulu yogonera komweko. Ku Shikabeta mtunda ndi wina. Njira imatsika mapiri kulowa m'chigwa, kutentha kwake kosasewera, ndipo Januwale akafika timitsinje timene m'chilimwe umadutsa osavula nsapato timasanduka zilombo. Ndinaona msanga kuti miyezi itatu pa chaka ntchito yanga idzakhala ya pa foni, ndifune ndisafune. Ndiye ndinatsimikiza mtima: ngati lamulo likundilola kulangiza pa khola limene ndikulidziwa, makola onse ndiwadziwe mvula isanagwe.

Ndinali ndi njinga yamoto tsopano, koma petulo ankabwera mwa apo ndi apo, moti maulendo ambiri ndinkayenda pansi. Kuyambira Julaye mpaka Okutobala ndinalowa khola ndi khola. Ndinkagwira ng'ombe iliyonse, kuijambula ndi foni, n'kulemba dzina lake, chifukwa kumeneko ng'ombe zili ndi maina. Ndinaphunzitsa amuna ndi akazi kuyeza kutentha kwa chiweto ndi kujambula chikope, m'kamwa ndi ndowe, osati nyanga ndi mchira monga ankachitira. Ena ankaseka, ati ba veti afuna zithunzi za matuvi. Koma dzinja litafika, munthu akatuma foni n'kunena kuti Maluwa sakudya, ndinkadziwa kuti Maluwa ndi ng'ombe yaikazi yokalamba yosowa mano, osati thole. Ziweto zambiri zinapulumuka motero, ine ndili tsidya lino la madzi.

Khola limodzi lokha sindinalowe. Atate anu aakulu, Ba Yotamu, anali ndi ng'ombe zochuluka kuposa aliyense m'mudzi mwawo, kutsidya kwa mtsinje. Anandilandira bwino, akazi awo Ba Esinati anandiphera nkhuku. Koma nditatulutsa choyezera anagwedeza mutu.

"Mulamu, pano mwabwera pa banja. Chikwama cha boma chisiyeni pa njinga."

"Nifuna chabe kuzidziwa, mulamu, kuti tsiku la vuto nikathandize."

"Ng'ombe izi nazisunga inu musanapite ku koleji. Zikadwala nizakuitanani."

Ndinabwerera zaka zitatu zotsatizana ndi pempho lomwelo, yankho lake lomwelo. Ndikuganiza kuti ankaopa kuti boma likadziwa kuchuluka kwake lidzapeza njira yodyapo. Kapena chabe sankafuna kuti mkazi wa mng'ono wawo awaphunzitse za ng'ombe.

Febuluwale, zaka zinayi ndisanapume

Mwana womaliza wa Ba Yotamu, Dalitso, anapeza mkazi wa ku Lusaka, ndipo ukwati unaikidwa Loweruka lina la Febuluwale, Lenti isanayambe. Ba Yotamu anali atanenepetsa ng'ombe yamphongo yofiira ya phwandolo kuyambira m'chilimwe. Mudzi wonse unkaidziwa. Lachitatu la sabata ya ukwati, nthawi ya m'mawa, foni yanga inalira. Kunali kutagwa mvula masiku atatu osaleka.

"Mulamu, kwachitika tsoka. Ng'ombe ija ya ukwati taipeza yafa m'khola. Dzulo inali kudya bwinobwino. Niganiza inadya msipu wauwisi kwambiri, yatupa mimba. Manje abusa a ku tchalitchi na a komiti ya ukwati ati tisaisende mpaka ba veti anene. Dalitso akutumizirani vidiyo. Muione chabe, muwauze kuti nyama ili bwino, tiyanike."

Vidiyoyo inatenga nthawi kuti itseguke. Ng'ombe inali itatupa kwambiri, miyendo ili tambalale koma yosauma gwaa monga imachitira nyama yakufa. M'mphuno ndi kumbuyo munkatuluka magazi akuda, osagwirana. Ng'ombe yathanzi yofa mwadzidzidzi, magazi otero, dothi litatembenuzidwa ndi madzi: zonsezi zinkaloza ku matenda amene timati anthirakisi. Matenda amenewa amagwira munthu wosenda, wodya, ngakhale wonyamula chikopa, ndipo mtembo ukatsegulidwa tizilombo take timakhala m'dothi zaka zambirimbiri. Koma ndinkadziwanso kuti ng'ombe yophedwa ndi mphezi, kapena yotupa mimba ndi msipu, nthawi zina imaoneka chimodzimodzi pa kagalasi ka foni. Sindinali wotsimikiza. Ndinawatumira foni Ba Yotamu.

"Mulamu, nyama iyo siningaivomereze pa foni. Musaisende, musaikoke, agalu asafike. Pali matenda amene niopa, ndipo niyenera kuuza a dokota lero."

"Matenda ati? Mwaigwira?"

"Sininaigwire."

"Nanga si ndimwe muuza anthu kuti pa foni simutchula matenda? Ngati simunganene pa foni kuti ili bwino, mungaziwe bwanji pa foni yomweyo kuti ili na matenda? Lamulo lanu lili na diso limodzi?"

Atate anu aakulu sanapite patali ndi sukulu, koma pa mlandu palibe ankawagonjetsa. Funso lawo linali la nzeru, ndipo linandiimitsa. Ndinawayankha zimene ndinkadziwa: kuti sindikutchula matenda, ndikutchula mantha. Kuti ndikalakwitsa poletsa, titaya ng'ombe, koma ndikalakwitsa povomereza, tidzaika anthu m'manda. Iwo anatsitsa mawu, ndipo mawu otsikawo ndiwo anandipweteka.

"Agnesi, mukauza a boma atseka khola langa. Siningaphe ina. Apongozi abwera kuchoka ku Lusaka, nizawapatsa chiyani, delele? Ine sininakupempheni kanthu chimwalirire Filipo. Lero napempha. Osavomereza, chabwino. Koma khalani chete mpaka Sondo."

Ndinakhala pa mpando wa m'kachipinda ka mankhwala foni ili m'manja. Kukhala chete kunali kosavuta. Netiweki ya ku Shikabeta imathawa yokha, palibe akanandifunsa. Ndinakumbukira munthu ameneyu ataima pakhomo pathu tsiku lija. Koma ndinkadziwanso kuti ndikangokhala chete, pofika masana mpeni ulowa, ndipo Loweruka nyamayo idzakhala m'mbale za anthu a midzi inayi, ina m'zikwama za alendo kupita ku Lusaka. Inu nonse awiri munali m'gulu la oitanidwa. Ndinakwera pa chulu cha kuseri kwa ofesi n'kutumira foni Dokotala Mumba. Anaona vidiyo nati khola litsekedwe, chiweto chisatuluke kapena kuphedwa, ndipo ine ndikafike msanga kukatenga magazi, iwo abweretsa katemera njira ikalola.

Kufika msanga ndiko kunakanika. Ndinapita kumtsinje ndi chikwama pamutu, ndinapeza madzi akukokolola mitengo yathunthu. Amuna odziwa kuwolotsa anthu anakana. Tsiku lonse ndinakhala pa gombe, ndipo chida changa chinali foni yomweyo. Ba Yotamu anasiya kuyankha, ndiye ndinatumira Ba Esinati.

"Mulamu wanga, imwe ndimwe muphika. Manja oyamba kugwira nyama ija ni anu na a ana anu."

"Nimvera, mulamu. Koma abambo akwiya, atuma kale anthu kunola mipeni."

"Tengani mpando mukhale pa chipata cha khola. Palibe mwamuna azakudumphani."

Mayi ameneyo sanatsutsanepo ndi mwamuna wake pa gulu chikwatiwire. Tsikulo anatenga mpando. Ndinamva pambuyo pake kuti anakhala pamenepo mvula ikumuvumba, atafunda thumba la feteleza, ndipo abusa a ku tchalitchi anadzaima naye. Ndinawauza pa foni kuti aphimbe mtembo ndi minga, ng'ombe zina azisamutsire ku khola latsopano, ndipo aliyense amene wagwira magazi asambe ndi sopo n'kupita ku kiliniki akaona chilonda.

Ndinawoloka Lachinayi masana, madzi akundifika m'chifuwa, amuna awiri atandigwira m'mikono. Ng'ombe inali itayamba kale kununkha. Ndinavala magolovesi, ndinatenga magazi pa khutu n'kupaka pa timagalasi. Kenaka tinakumba dzenje lakuya pafupi pomwepo. Nkhuni zinali zonyowa, moto unavuta, tinathira parafini yense wa m'mudzi, ndipo zotsala tinazikwirira n'kutchinga ndi minga. Ba Yotamu anaonerera zonsezi ataima patali, manja ali kumbuyo. Nditamaliza ndinapita kukawagwadira kuti ndiwapatse moni. Anayang'ana pamwamba pa mutu wanga nati kwa Dalitso, "Uwafunse a boma ngati atsiriza."

Ukwati unachitika. Munadya nkhuku, kabichi ndi mbuzi ziwiri zimene Dalitso anakagula ku midzi ya kutali. Alendo a ku Lusaka sanadandaule, koma anthu a m'mudzi anayankhula, ndipo kwa munthu wa ng'ombe zambiri ngati Ba Yotamu, ukwati wa mwana wopanda nyama ya ng'ombe unali manyazi osafufutika. Ine ndinalowa m'tchalitchi, ndinakhala kumbuyo, mapemphero atatha ndinabwerera. Ndinakuuzani kuti ndili ndi mutu. Sunali mutu.

Dokotala anafika sabata yotsatira, tinatemera ng'ombe zonse za kutsidyako. Palibe ina inafa, palibe munthu anadwala. Tinadikira zotsatira za magazi aja kuchokera ku labu, ine ndikupemphera pemphero lochititsa manyazi, loti zituluke kuti analidi matenda aja, kuti ndikhale ndi pepala lowaonetsa alamu anga. Zitabwera, zinati mtembo unali utawola kale pamene magazi anatengedwa, choncho sizikanatheka kunena kuti inde kapena ayi. Ndinawerenga kawiri. Dokotala Mumba anati, "Munachita zoyenera, Ba Njovu." Ndinawayankha kuti ndikudziwa, koma mawu amenewo sindingawanyamule kupita nawo kutsidya. Mpaka lero palibe munthu adziwa chimene chinapha ng'ombe ija. Nkhani inayenda m'midzi yakuti mkazi wa malemu Filipo anawotcha nyama yabwino chifukwa cha nsanje. Ena anasiya kunditumira foni kwa miyezi ingapo. Ndinapitiriza kulowa m'makola awo, ofuna ndi osafuna, mpaka tsiku limene ndinapereka makiyi.

Chaka chino, nthawi yokolola

Chiyambire nthawi imeneyo, chaka chilichonse chimanga chikauma ndimapita kukawaona atate anu aakulu. Sindinadumphepo. Ndimanyamula shuga ndi sopo, ndimafika pabwalo, ndimapereka moni ndili chiimire. Zaka ziwiri zoyamba ankayankha ndi kukhosi chabe. Kenaka anayamba kufunsa za inu: Tisa ali bwanji, Yamikani anamaliza? Ba Esinati ankandilandirira kukhichini, koma pabwalo pa amuna awo sindinakhalepo pansi, chifukwa palibe anandiuza kuti ndikhale.

Mwezi wathawu ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, akalamba tsopano, maso achita khungu pang'ono. Anandizindikira ndi mawu. Titapatsana moni ndinakonzeka kutembenukira kukhichini monga mwa masiku onse.

"Namva munapuma nchito," anatero.

"Napuma, mulamu."

"Manje simuli a boma. Niuzeni zoona. Ng'ombe ija inali yabwino."

"Kapena inali yabwino. Siniziwa. Na a ku labu saziwa."

"Ndiye munaiwotcha osaziwa."

"Osaziwa, mulamu. Njira yoziwira inali imodzi chabe, kuidyetsa anthu n'kuyembekeza. Pakati pa anthu aja panali Dalitso na mkazi wake, na Ba Esinati, na ana a Filipo, na imwe. Ikanakhala lero, nikanachita chimodzimodzi."

Ndinaganiza kuti akwiya. Anatafuna m'kamwa mopanda kanthu, akuyang'ana ku khola, kumene adzukulu awo ankatsegulira ng'ombe. Kenaka anapukusa mutu.

"Filipo ananiuza kuti wakwatira munthu wouma mutu. Ine n'nati azafewa." Anatembenukira kukhichini nakweza mawu. "Amake Dalitso! Mulamu waima pa dzuwa apa. Bweretsani mpando."

Sanapepese, inenso sindinapepese. Tinakhala pamthunzi mpaka dzuwa kupendeka, tikukamba za mvula ya chaka chino ndi za mwana wachiwiri wa Dalitso, amene wayamba kuyenda. Ana anga, Khirisimasi ino mupite mukawaone atate anu aakulu. Muwanyamulire bulangeti, amadandaula kuzizira ngakhale m'chigwa muja. Akayamba kukuuzani kuti amayi anu anawotcha ng'ombe yabwino, musawatsutse. Mwina akunena zoona.